Phazi la Ababa pa Chopondera

Ababa anga analiza limba m'tchalitchi cha pamishoni pathu zaka zoposa makumi awiri, ndipo amene anawachotsa pampando umenewo ndine mwana wawo. Ndaneneratu kuti pasapezeke wina wovutika kundifunira zifukwa. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mutu wanga unkayenda bwinobwino, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita.

Mishoni yake inali yaing'ono, kuchigwa, pakati pa njanji ya ku Balaka ndi mtsinje wa Shire, malo otentha moti mvula ikayandikira ngakhale mbuzi zinkakana kuchoka pamthunzi. Panali tchalitchi cha njerwa, sukulu, kachipatala ka chipinda chimodzi, ndi nyumba ya abusa achizungu ndi mkazi wawo, amene tonse tinkangoti Adona. Nkhondo yachiwiri ya azungu inali itatha, asilikali athu atabwerako ndi majombo awo.

Ife sitinali eni dziko. Makolo a ababa anachokera kwa Apwitikizi ababawo ali kumsana. Anayamba akhala ku Nselema, kenako n'kutsikira kuchigwa kufuna malo. Anthu ankatinena kuti ndife Anguru odya njoka, ndipo ankanena ife tikumva. Munda wathu unali wopempha, ng'ombe tinalibe. Chimene ababa anali nacho ndi limba basi. Anawaphunzitsa m'busa wina wakalekale, ndipo m'dera lonselo panalibenso munthu wakuda wodziwa kuliza. Mpando wa limbawo ndi umene unatipatsa nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi. Ndi umenenso unkachititsa kuti anthu omwe aja otinena za njoka azivula chipewa Lamlungu n'kumati, "Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi?" Ababa ankadziwa, amayi ankadziwa, inenso ndinkadziwa kuti tsiku lochoka pampandopo ndi tsiku lobwerera ku njoka zathu.

Kwa amene sanalionepo limba la nthawi imeneyo, ndi bokosi lathabwa lokhala ndi mvukuto m'mimba mwake. Pansi pali zopondera ziwiri zimene umapalasa ndi mapazi osalekeza kuti mphepo izilowa. Ukapanikiza kiyi, mawu amangolira mpaka utachotsa chala. Ukaleka kupalasa, nyimbo yafa. Ndiye zaka zonsezo mapazi a ababa sanapumepo m'tchalitchi.

Ine limbalo ndinkalifuna kuyambira ndili wamng'ono, ndipo ababa ankandikaniza mwamtheradi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi anandipeza nditakwera pampando wawo, mapazi akulendewera. Anandimenya zala ndi chikuto cha buku la nyimbo mpaka zinatupa.

"Manja akukuyabwa? Mtondo uli panja apo," anatero.

Sindinalire. Ndinapita kukasinja, ndipo ndinasinja ndikutukwana chamumtima.

Limba lija linafa ndi chiswe ndi mbewa. Zinadya mvukuto mpaka ababa ankapalasa thukuta lili kamukamu koma chotuluka n'kukhala mpweya wokhawokha. Chaka chomwecho mkazi wa mzungu wina wogula thonje ankabwerera kwawo, ndiye anasiyira mishoni piyano yake. Inatsika pa siteshoni ya Balaka, n'kubwera pa ngolo ya ng'ombe, ndipo anailowetsa m'tchalitchi amuna asanu ndi atatu akubuula. Anaiika moyang'ana khoma, woliza n'kumafulatira anthu.

Piyano ndi nyama ina. Ilibe mvukuto. Ili ndi zingwe zachitsulo, ndipo ukamenya kiyi, kanyundo kamagunda chingwe. Ukangochotsa chala, mawu zii. Zopondera nayonso ili nazo ziwiri, zing'onozing'ono zamkuwa, koma si zopalasa ayi. Ndani akanawauza ababa zimenezo? Lamlungu loyamba anakhala pampando, mapazi n'kuyamba okha ntchito yawo yakale, gwede, gwede, gwede, kumanja kumanzere. Ana asukulu anagwira pakamwa. Amayi anawerama n'kumayang'ana zala za kumapazi. Ine ndinaseka poyera, sindibisa.

Pofika Lamlungu lachiwiri anali atatulukira chinthu. Chopondera chakumanja ukachipondereza, zingwe zimangolirabe ngakhale utachotsa zala. Ababa anaona ngati apeza limba lawo lija. Ankaponda poyamba nyimbo, n'kudzachotsa phazi pa Ameni. Mawu akale asanafe atsopano alowa kale, onse n'kumakwerana, chiphokoso chokhachokha ngati pamsika wa Balaka tsiku logulitsa thonje. Amayi a mvano ankatsogola ndi mzere wathunthu, amuna ali pambuyo, aliyense n'kumakafika pa Ameni nthawi yake. Koma anthu ambiri ankati ndi mmene piyano imalirira. Ena mpaka ankayamika kuti imamveka mpaka kumanda.

Amene sankayamika ndi dona uja, mkazi wa abusa. Anali mkazi wowonda, wa milomo yopyapyala, ndipo ndiye ankatsuka mabala kukachipatala kuja. Ababa, munthu wa imvi, iye ankawatchula kuti "iwe". Nyimbo ikayamba ankatsinzina n'kugwira pachipumi. Abusa amuna ake analibe khutu la nyimbo ngakhale pang'ono, ndiye kwa iwo zonse zinali bwino.

Ine ndinkagwira ntchito m'nyumba mwa donayo, kuchapa ndi kusita. Tsiku lina anandipeza ndikuyendetsa zala patebulo lositira, ndikuyimba chapansipansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati Lachitatu masana ndikamupeze kutchalitchi. Musaganize kuti ankandikonda. Ankangofuna munthu woti azimulizira nyimbo mutu wake usakuwawa.

Lachitatu loyambalo anagwada kutsogolo kwa piyano, n'kuchotsa thabwa la m'munsi mwa makiyi. Mkatimo munali kandodo kolumikiza chopondera chakumanja ndi zingwe, komangidwa ndi kabawuti. Anamasula kabawutiko ndi zala ine ndikuona, chopondera n'kugwa pansi lobodo.

"Phazi limabisa," anatero m'Chinyanja chake chopindikacho. "Zala zinene zoona."

Tikamaliza ankamanganso. Chaka chathunthu ndinaphunzira chopondera chili chakufa. Chala chikachoka pa kiyi nthawi isanakwane, pankamveka bowo, ndipo bowo lililonse linali rula pamfundo za zala. Phazi langa likangosuntha, rula pakakolo. Ankanditcha bulu, ankanditcha mutu wa dzungu. Ndinkabwerera kunyumba zala zili psuu, koma ndinkabwerera ndikudziwa chinthu chimene ababa sankachidziwa, ndipo chimenecho chinkanditsekemera kwabasi. Iwo sakanamuletsa dona, ndiye anangoyamba kunditchula "Adona aang'ono". Ndikawapatsa madzi osamba m'manja ankati, "Zikomo Adona aang'ono, mwadzichepetsa."

Chakumapeto kwa chaka chimenecho ndinaona chinthu china. Linali Loweruka m'mawa, ndikusita jekete yawo ya Lamlungu pakhonde. Makala anazilala m'chitsulo, ndiye ndinapita kukhitchini kukapala ena. Pobwera ndinapeza ababa aima patebulo akuwerenga buku la nyimbo, dzanja lamanzere atatsamiritsa pachitsulo chositiracho. Chitsulo chotentha! Fungo la khungu lowauka ndinalimva ine ndili patali, iwo osamva kanthu, akungotsegula masamba ndi dzanja lamanja. Nditakuwa anadzidzimuka, n'kubisa dzanjalo m'thumba. Koma ndinali nditaona kale. Kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinali zitapindikira mkati, ndipo m'mbali mwa chikhato munali mutaphwa.

Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza kuti kumsana kwa ababa kuli mawanga awiri otuwa, kuti akhala akuwapaka mankhwala a kwa sing'anga wa kutsidya la Shire kwa chaka ndi miyezi, ndipo sizikusintha. Dzina la nthendayo sanalitchule. Ndinalitchula ndine.

"Khate?"

Ananditseka pakamwa ndi chikhato. "Mwana wanga, ukangonena, watipha tonse."

Masiku amenewo wodwala khate sankakhala pamudzi, pamishoni ndiye n'kosayerekeza. Ankamutumiza kumudzi wa odwala ku Utale, ndipo opita kumeneko sitinkawayembekezeranso.

Kuyambira pamenepo ndinkakhala kutsogolo kumbali ya akazi, pamalo poti ndizitha kuona manja awo. Dzanja lamanja linkayenda bwino. Lamanzere linkagwira ntchito ndi zala zitatu zokha, kumenya apa, kudumphira apo, ndipo mabowo onse otsala pakati ankakwiriridwa ndi phazi. Chizolowezi chija chinayamba ndi limba, inde, koma tsopano chinali chitasanduka pobisalira pawo. Dona ankayesa ndi umbuli wa nkhalamba. Mpingo unkayesa ndi mmene piyano imalirira. Amene ankadziwa kuti pansi pa chiphokoso chonsecho pali zala ziwiri zakufa tinali atatu basi.

Mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti ndinawamvera chisoni. Ndinawamvera, sabata imodzi kapena ziwiri. Kenako iwo ndi amalume anga anandipezera mwamuna. Anali kapitawo wa anthu okonza njanji ku Nkaya, mkazi wake atamwalira n'kumusiyira ana anayi, munthu wa mano ofiira ndi fodya wamphuno. Sanandifunse. Anangondiuza kuti ukwati ndi mwezi wotsatira ukatha mgonero waukulu, pamene anthu a mipingo yonse yozungulira amasonkhana pamishoni. Sabata yomweyo dona anandiuza kuti tsopano ndikuliza bwino kuposa ababa, ndipo akanakonda ndizikhala pampandopo ndine, koma abusa akuti nkhalamba siingachotsedwe popanda chifukwa chooneka.

Ndinayesa kaye njira yabwino, zimenezo mundiwerengere. Ndinagwada pakhonde n'kupempha kuti tsiku la mgonero andilole ndilize nyimbo imodzi yokha.

"Adona aang'ono akufuna mpando," anatero ababa, akuyang'ana amayi, osati ine. "Mwezi wamawa ukhala uli ku Nkaya ukusambitsa ana a eni. Ukalize mbale kumeneko."

Mtima wanga unakwera. "Inuyo mumaliza chiyani? Chotsani phazi lija tione ngati mutsala ndi nyimbo."

Mbama inandipeza ndili chigwadire. Inali ya dzanja lamanja, lamoyolo, ndipo khutu linalira tsiku lonse. Amayi anathamangira m'nyumba n'kutseka chitseko kuti aneba asamve.

Loweruka masana inali ntchito yanga kusesa m'tchalitchi ndi kuika maluwa. Loweruka loti mawa lake ndi mgonero ndinasesa bwinobwino, ndinaika maluwa, kenako ndinagwada, ndinachotsa thabwa lija, n'kumasula kabawuti. Ndinatsamiritsa chopondera pakandodo kuti chizioneka choimirira, n'kubwezera thabwa. Kabawutiko ndinakamanga pakona ya nsalu yanga. Ndinkadziuza kuti anthu angonena kuti akalamba, awathokoze, awapumitse. Linali bodza, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza. Mkazi amene ankakhala mpando wakutsogolo ndi yemwe uja wotsuka mabala. Khate ankalizindikira munthu ali kutsidya la msewu.

Lamlungulo kunadzaza anthu. Ena anachokera ku Nkaya, ena kumbali ya Utale, ena anawoloka Shire pabwato. Osowa malo anaima m'mazenera. Kapitawo wanga uja analiponso, atavala kolala yoyera yomuthina pakhosi. Ababa analowa ndi jekete imene ndinasita ine, dzanja lamanzere m'thumba monga mwa masiku onse. Abusa analengeza nyimbo. Ababa anaika manja pa makiyi, n'kuponda.

Chopondera chinangogwa pansi, phwa, osadzukanso.

Anayamba kuliza poti anali atayamba kale. Dzanja lamanja linkayimba nyimbo, koma lamanzere linkangoti dii, kenako zii, kenako dii kwinakwake. Mabowo ake ankamveka mpaka kukhomo. Mpingo unalowa mzere woyamba, unafika pakati, n'kuyamba kufooka, poti anthu anali asanamvepo piyano ikulira chonchi. Ababa analeka. Anawerama kuyang'ana pansi, anagwedeza chopondera ndi nsonga ya nsapato, anachimenya ndi chidendene, gu, gu. Anayambiranso. Ulendo uno anayesa kukakamiza zala zakufa zija kuti zigwire ntchito. Zinkagwera pa makiyi awiriawiri nthawi imodzi, iwo osamva pamene zagwera. Kumbuyo wina anaseka. Anayambiranso kachitatu, thukuta litadutsa jekete kumsana, ndipo panalibenso woyimba. Tchalitchi chonse chinali phee, kumvetsera nkhalamba ikusakasaka nyimbo imene yailiza zaka makumi awiri.

Kenako anatembenuka. Sanayang'ane abusa, sanayang'ane dona. Anayang'ana kumbali ya akazi, kutsogolo, pamene ndinakhala ine. Sindinawerame. Ndinawayang'ananso.

Dona anadzuka. Nsapato zake zinamveka ko, ko, ko pasimenti mpaka papiyano.

"Iwe, onetsa dzanja."

Ababa anatambasula lamanja.

"Linalo."

Dona sanaligwire. Analiyang'ana lili m'malere, kenako anasolola phini yaitali imene inkagwira chipewa chake.

"Tsinzina. Ukamva kubaya, unene."

Ababa anatsinzina, pamaso pa mpingo wonse, ataimirira njo ngati mwana wasukulu. Dona anabaya m'mbali mwa chikhato. Anabayanso pakachala kakang'ono. Magazi anatuluka, n'kuyenderera mpaka kudontha pasimenti, iwo ali chitsinzinire, akudikira kuti kubaya kuyambe. Dona anapukuta phini ndi kampango, n'kuibwezera m'chipewa. Ndi pamene ababa anaona kuti papita nthawi yaitali, ndiye anangolota.

"Ndamva, Adona," anatero.

Pa zonse za tsiku limenelo, chimene chimandibwererabe ndi chimenechi. Mayo ine! Munthu wamkulu kunama ngati kamwana, anthu onse akuona magazi.

Dona analankhula Chingerezi kwa amuna ake, koma mkulu wa mpingo wina amene anali pafupi anakuwa, "Khate!" Mabenchi anagwa. Azimayi anakoka ana awo. Wina anakumbukira kuti mgonero uliwonse tinkamwera chikho chimodzi, ndipo ababa ankamwa akangomwa akulu a mpingo, chikhocho chisanayendere anthu wamba. Mawuwo anayenda benchi ndi benchi, ndipo panja anthu anayamba kulavula n'kumapukuta milomo ndi nsalu. Mayi wina amene ankatipempha mchere pafupifupi tsiku lililonse anakuwa kuti, "Anguru atidyetsa khate!" Amayi anga anangokhala pamalo pawo, benchi yonse itawasiyira okha.

Abusa anamenya patebulo kuti anthu akhale chete, ndipo anati tiyimbe nyimbo ina. Ababa anali atatuluka kale pakhomo lakumbali, okha. Mpando wapiyano unali pululu. Ndinaimirira. Eya, ndinaimirira, buku la nyimbo lili m'manja, magazi a ababa anga asanaume pasimenti. Ndinayenda mapazi atatu.

"Iwe ukupita kuti?" anatero dona. "Khala pansi."

Anayimba popanda choliza, ndipo mgonero sunachitike.

Lolemba m'mawa anatiitana kukachipatala ine ndi amayi. Anativula, n'kutizunguza pazenera, kutiyang'ana msana, mikono, ntchafu, kutibaya ndi phini apa ndi apo. Ife tinkamva, tinkadumpha. Sanapeze kanthu. Ndinayesa kuti ndiye basi, ndapulumuka. Atatha anandipatsa ndowa ya madzi otentha, mankhwala onunkha a kuchipatala ndi kansanza, n'kunditengera kutchalitchi. Anati nditsuke makiyi onse, iliyonse payokha, pamwamba ndi m'mbali, mpando womwe, ndi pasimenti pamene panadonthera magazi. Iye anaima pakhomo, kampango kali pamphuno.

Nditamaliza anachotsa thabwa lija n'kusuzumira mkati. Anatambasula chikhato. Ndinamasula pakona ya nsalu, n'kumupatsa kabawuti. Anakaviika kaye m'ndowa ya mankhwala.

"Ndinadziwa kuti ndiwe," anatero. "Unachita bwino. Akanapatsira anthu ambiri."

Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati Lamlungu likubwerali ndidzalize ndine. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Iwe? Wadya naye mbale imodzi, wachapa zovala zake. Nthenda imeneyi imabisala zaka. Sudzagwiranso piyano iyi, ndipo kunyumba kwanga usabwerenso."

Anatseka chivundikiro cha piyano, anakhoma ndi kakiyi, n'kukaponya m'thumba la diresi. Asa! Ndinali nditawerengera zonse, mabowo, zala, phazi, dona, koma ndinaiwala chinthu chimene ngakhale kamwana ka sukulu ya mkaka kakanandiuza, kuti mwana wa wakhate ndi wakhate m'maso mwa anthu.

Ababa anachoka Lachitatu, wapansi. Panalibe wowabwereka ngolo kapena njinga. Anavala jekete yomwe ija, ananyamula bulangete ndi mbale imodzi, kalata ya abusa ili m'thumba. Amayi anawaperekeza mpaka panjanji. Ine sanatsanzikane nane, ndipo sindinatuluke m'nyumba. Sabata isanathe tinauzidwa kuti nyumba ya njerwa aifukiza mankhwala n'kupatsa mphunzitsi watsopano wa sukulu. Tinakamanga kanyumba kaudzu kumapeto kwa munda wopempha uja. Pachitsime tinkatunga anthu onse akatha. Kapitawo wa ku Nkaya anatumiza mbale wake kudzanena kuti nkhani ija yatha, ndipo mbaleyo ananena ataima patali, anakana ngakhale mpando.

Ndinauza amayi kuti chimenecho chokha ndiye chandikomera. Ankasenda chinangwa. Sanadzutse mutu.

"Chitsiru iwe," anatero. "Ukuyesa abambo ako ankamukonda mwamuna amene uja? Ankakufulumizira kuti uchoke pakhomo pano nkhani isanamveke, ukhale ndi pako. Tsopano akukwatire ndani?"

Ndinali ndi mkwiyo waukulu, koma ndinkasowa woti ndimuthire.

Panapita miyezi isanu ndisanapite ku Utale. Amayi ankapita mwezi uliwonse, ndipo ananditsimikizira kuti za piyano ababa safunsa, iwonso sanena. Mwezi wachisanu ndi chimodzi amayi anatupa mwendo, ndiye ufa ndi nyemba ndinasenza ndine. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa timizere ta tinyumba ta odwala. Anali atawonda, dzanja lamanzere litakulungidwa nsalu yoyera. Anandiloza pokhala, patali ndithu, ndipo ndinakhala pansi n'kuwapatsa moni wa masiku onse. Anafunsa za mwendo wa amayi, za mvula, za denga. Za "Adona aang'ono" sanatchule.

Kenako anati, "Kabawuti kaja unakabwezera?"

Ndinati eya.

"Chabwino. Chopondera chija si choipa ayi. Pa nyimbo za maliro uzichiponda pang'ono pothera mzere, anthu amapuma bwino. Ine ndinkapyola muyeso, ndikudziwa." Anakhosomola. "Anthu akukutsatira bwino? Amayi a mvano aja usamawathamangire, uziwasiya akutsate okha."

Iwo anapitiriza, nkhope itawala pang'ono. Anati Lamlungu lililonse belu la kumeneko likalira amakhala pansi pa mtengowo n'kumaganiza kuti panopa mwana wanga wakhala pampando, panopa watsegula buku. Anati poyamba anandikwiyira kwambiri, koma anadzaganiza kuti dzanja linali litapita kale, ndipo bola mpando sunatuluke m'banja, bola amayi ako akugonabe m'nyumba ya njerwa. Ndi pamene ndinazindikira kuti amayi sanawauze chilichonse. Miyezi yonseyo ankawanamiza, za nyumba ndi zina zonse.

Ndikanatha kunama nanenso. Mawu amodzi okha, eya, akanakwana, ndipo nkhalamba ikanatsala ndi kanthu kogwira. Koma chifundo chawocho chinkandiotcha kuposa mbama ija, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sipadikira.

"Sindiliza ine, Ababa. Piyano anakhoma tsiku lotsatira. Palibe amaliza. Nyumba anatilanda, tikukhala kumunda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana dzanja lawo lokulungidwalo, analitembenuza uku ndi uku.

"Palibe amaliza," anabwereza chapansipansi. "Nanga iwe, unandiphera chiyani?"

Ndinali ndi mayankho ambiri amene ndinakonza m'njira, za zala zanga zotupa, za mtondo, za Nkaya, za mbama. Ndisanatchule ngakhale limodzi, iwo anadzuka movutikira, anakoka thumba la ufa ndi dzanja lamanja, n'kuyamba kulikhwekhwereza kupita kukanyumba kawo. Ndinadzuka kuti ndiwathandize.

"Iyayi, ima pomwepo," anatero osatembenuka. "Mwezi wamawa abwere amayi ako. Akalephera, ufa ukhale."

Anakhala ku Utale zaka zinayi, ndipo anamwalirira komweko. Mwezi uliwonse ufa ndinkasinja ndine, amayi n'kusenza. Sanandiitanitsepo, ndipo ine sindinapitenso.